Moto wa m'Injini: Mbiri ya Luso la Mawaya a Galimoto Kumadzulo ndi Kumpoto kwa Lilongwe

Luso lofufuza ndi kukonza zovuta za magetsi a galimoto m'madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete pa msewu wopita ku Mchinji mpaka ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, lakula potsata magalimoto amene fodya, ntchito za boma ndi malonda zakhala zikukokera kuderali kwa zaka pafupifupi 100. Kawirikawiri galimoto inkafika yokha, mabuku ake, zida zake zoyezera ndi akatswiri ake atatsala kumene inapangidwa, kotero kuti amisiri a m'malo ochitira malonda amenewa ankaiphunzira itawonongeka kale, mwini wake ataima pambali kudikira. M'kupita kwa zaka, vuto la injini linasamuka pang'onopang'ono kuchoka pa zitsulo zimene munthu amaziona ndi maso n'kuzikhudza ndi dzanja, kupita m'mawaya ndi m'tizipangizo tomata mmene vuto silioneka pokhapokha litayezedwa, ndipo kusamuka kumeneku ndiko kwachititsa kuti masiku ano bokosi la kompyuta lizisenzetsedwa zolakwa zambiri zimene si zake.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu pa nthawi imodzi kuti ilire, zomwe ndi mpweya wosakanizika bwino ndi petulo, kupanikizika kwa msanganizowo mkati mwa silinda, ndi kamoto kamene kamathetheka pa nsonga ya pulagi pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni. Batire la galimoto limapereka mavoliti 12 okha, pamene kamotoko, kuti kadumphe mpata wa pafupifupi milimita imodzi mkati mwa mpweya wopanikizika, kamafuna mavoliti oposa 10,000. Chipangizo chimene chimakweza mphamvuyo ndi koyilo, yomwe ndi mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo chimodzi, wina wonenepa wokulungidwa maulendo mazana ochepa ndipo wina wopyapyala ngati tsitsi wokulungidwa maulendo zikwizikwi. Magetsi akamayenda mu waya wonenepayo n'kudulidwa mwadzidzidzi, mu waya wopyapyala mumabadwa mphamvu yaikulu imene imathamangira ku pulagi. Kusintha konse kumene kwachitika pa nkhaniyi kwagona pa chimene chimadula magetsiwo ndi mmene chimadziwira nthawi yake. Injini ya dizilo siifuna kamoto kameneka chifukwa mafuta ake amayaka okha ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri, n'chifukwa chake eni zigayo ndi mathirakitala a m'derali anakhala zaka zambiri osasowa kwenikweni mmisiri wa mawaya.

Magalimoto anayamba kuzolowereka pa chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula maesiteti ku Mbabvi ndi madera oyandikira n'kuyamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa kuti azimugulanso kwa iwo. Ulimiwu unafalikira mofulumira moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira malondawo, ndipo popeza njanji inafika ku Salima mu 1935, fodya wa zaka zoyambirirazo ankayenda mtunda wautali pa malole m'misewu ya dothi kulowera kum'mwera. Injini zambiri za nthawi imeneyo zinkapeza moto kuchokera ku maginito, chipangizo chimene chimapanga magetsi chokha injini ikamazungulira popanda kudalira batire, chomwe kampani ya Robert Bosch ku Germany inachikonza bwino mu 1902 n'kuchiphatikiza ndi pulagi. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inali ndi maginito mkati mwa gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini pamodzi ndi makoyilo anayi a m'timabokosi ta matabwa. Ubwino wa maginito kumalo kopanda magetsi unali woonekeratu, pakuti galimoto inkalizidwa ndi chopukusira cha pamanja ngakhale batire litafa.

Njira imene inadzalamulira kwa zaka zoposa 60 ndi imene Charles Kettering wa kampani ya Delco ku America anaika m'magalimoto a Cadillac mu 1910. M'njira imeneyi magetsi a batire amadutsa mu koyilo n'kukafika pa mapoyinti, omwe ndi tizitsulo tiwiri togundana tokhala mkati mwa disitiribyuta, ndipo kamtengo ka chitsulo kokhala ndi timisomphola kamazungulira pamodzi ndi injini n'kumatsegula tizitsuloto kamodzi pa silinda iliyonse. Kondensa, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, imameza moto umene ukanadumpha pa mapoyintiwo n'kuwawotcha, pamene rota imagawira mapulagi mphamvu yochokera ku koyilo motsata dongosolo lake, lomwe pa injini zambiri za masilinda anayi ndi 1-3-4-2. Chilichonse m'dongosololi chinkaoneka. Mapoyinti akapsa ankapalidwa ndi sandipepa kapena kafayilo, mpata wake wa pafupifupi mamilimita 0.4 unkayezedwa ndi kachitsulo koyezera kapena kakatoni kopyapyala, nthawi ya moto inkakonzedwa pomasula bawuti imodzi ndi kupotokola disitiribyuta kufikira injini italira mokoma, ndipo munthu wofuna kudziwa ngati moto ulipo ankangoyandikiza waya wa pulagi pa chitsulo cha injini n'kuyang'ana ngati ukuthetheka wobiriwira kapena wofiira. Khutu ndi diso zinali zida zokwanira, ndipo mnyamata wochenjera ankatha kudziwa zonsezi m'miyezi yochepa akupatsira mbuye wake masipanala.

Malole a Bedford ndi magalimoto a Land Rover, amene anayamba kupangidwa mu 1948, anadzaza ntchito za boma, za mamishoni ndi za maesiteti m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi zipangizo za magetsi za kampani ya Lucas ya ku Birmingham. Galimoto iliyonse imagwiritsa ntchito thupi lake la chitsulo ngati njira yobwezera magetsi ku batire, njira imene amakaniko amaitchula kuti earth, koma magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo ankalumikiza mbali ya pulasi ya batire ku thupilo, mosiyana ndi mmene zilili tsopano, ndipo anadzatembenukira ku mbali ya mayinasi chapakati pa zaka za m'ma 1960, nthawi imene wailesi za matiransisita ndi alitaneta zinkalowa m'malo mwa zipangizo zakale. Dayinamo yakale inkapirira kusokonezedwa kwa mbali ziwirizi, koma alitaneta, imene ili ndi timadayodi tololeza magetsi kuyenda njira imodzi yokha, imapsa nthawi yomweyo batire likalumikizidwa chagada. Apa ndipo panayambira mtundu wa vuto limene silikonzedwa ndi fayilo.

Chitukuko chimene chinasintha kwambiri maulendo a m'derali chinali Lilongwe Land Development Programme, ntchito imene inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, yomwe inalambula misewu ya dothi yolumikiza midzi ndi misika, inakumba mijigo ndi kumanga malo a alangizi a zaulimi. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975 ndipo msika wa fodya wa ku Kanengo utatsegulidwa chakumapeto kwa zaka khumi zomwezo, magalimoto a mtundu wa pikapu monga Peugeot 404, Datsun ndi Toyota Hilux anayamba kuchuluka m'manja mwa eni maesiteti, amalonda ndi oyendetsa matola. Amisiri okonza magalimotowa anachokera njira zingapo: ena anaphunzira m'magalaja a boma ndi a makampani a m'tauni, ena anabwera ndi luso kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg kumene anakagwira ntchito, ena ochepa anadutsa m'masukulu a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, koma ochuluka anaphunzira pansi pa mtengo kwa makaniko wamkulu. Sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, imene ili m'derali momwemo, inatchuka kwambiri ndi ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo mnyamata wofuna za injini ankayang'ana ku tauni.

Kusakanikirana kwa magalimoto a mayiko osiyanasiyana kunabweretsa msampha umene ukugwirabe anthu mpaka lero, womwe ndi wa mitundu ya mawaya. Pa magalimoto a ku Britain waya wa bulawuni ndi umene umachokera ku batire ndipo umakhala ndi moto nthawi zonse, woyera umalandira moto kiyi ikatsegulidwa, ndipo wakuda ndi wa earth. Pa magalimoto a ku Germany waya wa bulawuni ndiye wa earth, ndipo pa a Toyota wa earth ndi woyera wokhala ndi mzere wakuda, pamene wa bulawuni umabwezera magetsi a masensa ku kompyuta. Munthu amene anaphunzira pa Land Rover n'kudzalumikiza waya wa bulawuni wa Toyota ku batire, pokhulupirira kuti akuupatsa moto wake, amawotcha m'kamphindi kamodzi chipangizo cha mtengo woposa ndalama zimene iye angapeze pa mwezi.

Kunja kwa dziko lino mapoyinti anali atayamba kale kutha. Malamulo ochepetsa utsi woipa ku America, ku Japan ndi ku Ulaya anakakamiza opanga magalimoto kuyeza petulo ndi nthawi ya moto molondola kuposa mmene kabureta ndi mapoyinti zikanachitira. Bosch inatulutsa D-Jetronic mu 1967 pa Volkswagen 1600, njira yopopera petulo yoyendetsedwa ndi matiransisita. Chrysler inachotsa mapoyinti m'magalimoto ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 n'kuika kachipangizo ka maginito kosakhudzana ndi kanthu. Volvo inaika mu 1976 sensa yoyeza okosijeni wotsala mu utsi. Ndipo mu 1979 Bosch Motronic inaphatikiza petulo ndi moto m'bokosi limodzi pa magalimoto a BMW. Ku Malawi zimenezi zinachedwa kufika kumidzi, mwa zina chifukwa magalimoto opangidwira misika ya mu Africa anapitiriza kubwera ndi kabureta, monga pikapu ya Nissan 1400 imene South Africa inaipanga mpaka 2008, ndiponso chifukwa petulo wokhala ndi mtovu, amene amapha sensa ya okosijeni, anagulitsidwa m'chigawo chino mpaka kumayambiriro kwa 2006.

Chimene chinatsegula khomo ndi kusintha kwa chuma ndi ndale m'zaka za m'ma 1990. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha, ndalama zinalowa m'midzi ya Kabudula, Nsaru ndi Nambuma, ndipo mabasi akuluakulu, amene anachoka m'manja mwa UTM kupita kwa Stagecoach mu 1989 kenako kwa Shire Bus Lines, atayamba kuchepa, maminibasi ndi matola anatenga malo awo. Japan, kumene magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu monga kuno, ili ndi lamulo loyeza galimoto ikatha zaka zitatu ndipo kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kukwera mtengo kwa kuyezako kumachititsa anthu kugulitsa magalimoto akadali abwino. Magalimoto amenewa anayamba kufika kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, poyamba Corolla, Carina ndi Hiace, kenako Probox, imene inatuluka mu 2002, ndi Sienta ya mu 2003, zomwe lero zimanyamula anthu ndi katundu pakati pa Lilongwe, Mpingu, Msundwe ndi Namitete. Pafupifupi onse ali ndi bokosi la kompyuta, limene limalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza liwiro ndi malo a crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza), kuchuluka kwa mpweya, kutentha kwa madzi ndi kutseguka kwa chitseko cha mpweya, n'kulamula mainjekita, omwe ndi timipopi topopera petulo, pamodzi ndi makoyilo. Bokosili lili ngati mfumu pa bwalo, imene imagamula molingana ndi zimene mboni zanena, ndipo mboni imodzi ikanama kapena ikatsekeredwa panjira chigamulo chimakhota ngakhale mfumuyo ili ndi nzeru zake zonse.

Magalimoto a Toyota a m'ma 1990 anali ndi njira yodziulula okha imene amakaniko ambiri anaiphunzira mwa kuuzana. Munthu akalumikiza ndi kawaya kakafupi mabowo olembedwa TE1 ndi E1 pa kabokosi ka pambali pa injini, nyale yochenjeza ya kutsogolo kwa dalaivala imaphethira mowerengeka: nambala 12 imanena kuti kompyuta sikulandira uthenga wa kuzungulira kwa injini, 14 imanena kuti chipangizo chodula magetsi a koyilo sichikuyankha, ndipo 22 imaloza sensa ya kutentha kwa madzi. Dongosolo la OBD-II, limene linakhala lamulo ku America mu 1996, linabweretsa soketi ya mabowo 16 ndi manambala ofanana pa magalimoto onse, monga P0301 wonena kuti silinda yoyamba ikuphonya moto ndi P0335 wonena za sensa ya crankshaft. Nambala yotere, komabe, imaloza njira yonse ya magetsi, kuyambira pa sensa, waya wake, pulagi yolumikizira mpaka phazi la kompyuta, ndipo kuiwerenga ngati lamulo logula sensa yatsopano ndiko kulakwa kumene kwadyera anthu ndalama zambiri m'masitolo a sipeya a ku Malangalanga ndi ku Biwi.

Poyang'anizana ndi injini zimene sankatha kuzimvetsa, amisiri ambiri a kumidzi anayankha mwa kubwerera m'mbuyo. Pa injini zimene zinali ndi malo a disitiribyuta, monga za mtundu wa 4A, 5A ndi RZ za Toyota, zinali zotheka kuchotsa mainjekita ndi kompyuta n'kumangapo kabureta ndi disitiribyuta yakale, ndipo galimoto inkayendadi, ngakhale inkamwa petulo wambiri ndi kuchepa mphamvu. Kusankha kumeneku sikunali kwa umbuli, pakuti munthu woyendetsa matola pa msewu wa dothi, kutali ndi malo oyezera, ankaona kuti injini yokonzeka pamsewu ndi yabwino kuposa yosunga mafuta. Njirayi inatsekeka pamene injini monga 1NZ-FE, imene ili mu Probox ndi Sienta, zinafika ndi koyilo pa pulagi iliyonse popanda bowo lililonse la disitiribyuta. Chimene chinatsala ndi kugula injini ina yakale pamodzi ndi bokosi lake ndi mtolo wake wa mawaya, umene umatchedwa hanesi, ndipo apa panabuka chotchinga china, chomwe ndi immobiliser, dongosolo loteteza galimoto kwa akuba limene limaletsa kompyuta kupereka petulo kapena moto ngati sinazindikire kachipangizo kobisika m'mutu wa kiyi. Bokosi logulidwa popanda kiyi yake limaoneka lakufa pamene lili lamoyo.

Vuto limeneli ndilo mabokosi a kompyuta ogulitsidwa padera, osachokera kwa wopanga galimoto, amatha kuthetsa, ngakhale kuti anayambira m'mipikisano ya liwiro. Haltech ndi MoTeC anayamba ku Australia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. MegaSquirt ya Bruce Bowling ndi Al Grippo inatuluka ku America cha m'ma 2001 ngati bokosi limene munthu angadzimangire yekha. Ndipo ku South Africa kunabadwa Dicktator, Gotech ndi Spitronics, amene anatchuka pakati pa anthu oika injini za Lexus V8 m'mapikapu a Hilux ndi m'maminibasi. Mabokosi otere ndi osowa m'malo ngati Nsaru ndi Nambuma, ndipo njira yawo yachidule yofikira kuno ndi magalimoto ogulidwa ku South Africa atasinthidwa kale injini, kapena Amalawi ogwira ntchito m'magalaja a ku Johannesburg. Bokosi lotere limafika lopanda kanthu m'mutu mwake kupatula ndondomeko yongoyambira, ndipo woliika amayenera kuliuza pa laputopu chiwerengero cha masilinda, mtundu wa masensa, kukula kwa mainjekita ndi nthawi ya moto pa liwiro lililonse.

Pa mawaya onse a bokosi lotere, wovuta kwambiri ndi wa sensa ya crankshaft. Sensayi imayang'ana gudumu la mano limene lachotsedwa dzino limodzi kapena awiri, monga la mano 36 lochotsedwa limodzi kapena la 60 lochotsedwa awiri, ndipo mpatawo ndiwo umauza kompyuta pamene pisitoni yoyamba ili. Sensa ya maginito ya mawaya awiri imapanga magetsi ake ochepa kwambiri injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo mawaya ake akasinthanitsidwa injini imatha kulira koma nthawi ya moto imasuntha liwiro likamakwera, kapena kompyuta imataya chiwerengero cha mano; sensa ya Hall ya mawaya atatu imafuna kupatsidwa moto ndipo imabweza uthenga wodukaduka. Waya wake umayenera kukhala wokutidwa ndi ukonde wa chitsulo wolumikizidwa ku earth mbali ya kompyuta yokha, ndi kudutsa kutali ndi mawaya a mapulagi ndi alitaneta, chifukwa phokoso la magetsi lochokera kumeneko limawerengedwa ngati mano owonjezera. Masensa ena amalandira mavoliti 5 kuchokera ku kompyuta ndipo earth yawo imayenera kubwerera ku kompyuta komweko osati ku thupi la galimoto, pakuti kusiyana kwa kagawo kakang'ono ka voliti kumakwana kunamiza bokosi kuti injini ndi yozizira kapena kuti dalaivala waponda mafuta. Makoyilo nawonso ali mitundu iwiri: ena, monga a mawaya anayi a Toyota, ali ndi chodulira magetsi mkati mwake ndipo amangofuna kulamulidwa ndi uthenga wochepa, pamene ena amafuna chodulira cha padera, ndipo kusokoneza mitunduyi, kapena kulola koyilo kumwa magetsi nthawi yopitirira kwambiri mamilisekondi atatu kapena anayi, kumaiwotcha injini isanalire n'komwe. Zonse zikalumikizidwa, nthawi ya moto imakhomedwa pa madigiri 10 mu laputopu ndi kutsimikizidwa ndi nyale yophethira pa zizindikiro za pa pule, chifukwa nambala ya pa laputopu imangonena zimene bokosi likuganiza.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo imene ogula magalimoto otere saiganizira. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, chigwa cha Lilongwe chili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo Salima ili pa mamita pafupifupi 500. Injini imene ndondomeko yake inakonzedwa ku Johannesburg imakoka mpweya wolemera kwambiri ikafika ku Namitete, ndipo wolemera koposa ikatsikira ku nyanja, kotero kuti imalowa m'zigawo za ndondomekoyo zimene wokonza sanathe kuziyesa. Ngati zigawozo zili ndi petulo wochepa kapena moto wofulumira, injini imagogoda n'kutentha mapisitoni pamene mawaya onse ali bwinobwino.

Kusintha ndondomeko ya injini kumene dziko la Malawi linachitapo mwadongosolo kunali kwa ethanol. Fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa inayamba mu 1982 kupanga mafutawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuti azisakanizidwa ndi petulo, ndipo PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. M'zaka za 2006 ndi 2007 nthambi ya boma ya sayansi, Ethanol Company ndi Lilongwe Technical College anayesa Mitsubishi Pajero yosinthidwa kuti iziyendera ethanol, ndipo anaitanitsanso Ford EcoSport ya ku Brazil yotha kuyendera mafuta a mitundu yonse iwiri. Petulo amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta poyeza kulemera, pamene ethanol amafuna magawo pafupifupi 9 okha, kutanthauza kuti injini iyenera kumwetsedwa mafuta ochuluka ndithu, ndipo timabokosi tosinthira timene timagulitsidwa pa ntchitoyi timaikidwa pakati pa kompyuta ndi mainjekita n'kumatalikitsa nthawi imene injekita iliyonse imakhala yotseguka. Ntchitoyi sinafike pa msinkhu woti mlimi wa ku Kabudula amwetse ethanol yekhayekha pa pampu, koma inasonyeza kuti luso lotere linalipo m'dziko muno.

Zowonjezera zimene zimapezekadi m'magalimoto a m'derali ndi zina: ma alamu, maswichi obisika odula pampu ya petulo, zipangizo zolondolera kumene galimoto ili, wailesi za mkokomo ndi nyale zowonjezera. Zambiri mwa izi zimalumikizidwa posenda waya wa kiyi, kupotokolerapo wina ndi kukulunga tepi, ndipo fumbi la chilimwe, matope a dzinja ndi kugwedezeka kwa msewu zimamasula mfundozo pang'onopang'ono mpaka galimoto iyambe kuzima popanda chifukwa chooneka. Pamwamba pa izi pali zizolowezi zotsala kuchokera m'nthawi ya mapoyinti zimene kompyuta siizipirira, monga kuchotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja, kuwotcherera thupi la galimoto bokosi lili cholumikizidwa, kumanga waya wa kopa m'malo mwa fyuzi yopsa, ndi kuchotsa thermostat, kachitseko kosunga madzi a injini pa kutentha koyenera, kumene kumachititsa kompyuta kuthira petulo wambiri tsiku lonse poyesa kuti injini sinatenthe. Mafuta a m'zigubu, amene anafala pa kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012 ndiponso kuyambira 2022, amabweretsa madzi ndi zinyalala zimene zimatseka mainjekita ndi kupha pampu, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za vuto la moto. Makoswe a m'midzi mmene galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe amamaliza zotsala.

Amisiri amene apambana pa magalimoto amakono ndi amene anavomereza kuyeza asanamasule kanthu. Batire lodzaza limaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6, siliyenera kutsika kwambiri pansi pa 10 sitata ikamazungulira, ndipo injini ikalira limayenera kulandira pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kusiyana kwa mphamvu pakati pa mutu wa mayinasi wa batire ndi chitsulo cha injini, poyeza pa nthawi yoliza, kukapitirira kwambiri mavoliti 0.2, ndiye kuti lamba wa earth wachita dzimbiri kapena wamasuka, ndipo vuto limeneli lokha limatha kutulutsa manambala a masensa anayi kapena asanu nthawi imodzi. Injekita wamba imayeza pakati pa ma ohm 12 ndi 16, sensa ya madzi imayeza pafupifupi 2,500 injini itazizira ndi kutsikira pafupi ndi 300 itatentha, ndipo mawaya awiri a CAN, njira imene Bosch inatulutsa mu 1986 kuti makompyuta a m'galimoto azilankhulana, amayeza ma ohm 60 pakati pa bowo la 6 ndi la 14 pa soketi ya OBD-II batire litachotsedwa. Tesita ya babu, imene inatumikira bwino kwa zaka zambiri, imakoka magetsi ochuluka moti ikhoza kuwononga njira zopyapyala za kompyuta. Bokosi limayenera kukhala lomaliza kukayikiridwa, makamaka tsopano pamene kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kwachititsa kuti kugula sipeya mongoyesa kukhale kowawa.

Kufika kwa magetsi a ESCOM m'malo ochitira malonda, mafoni a intaneti ndi timakina totsika mtengo towerengera manambala a zovuta kwachepetsa mtunda pakati pa makaniko wa ku Nsaru ndi chithunzi cha mawaya a galimoto imene akukonza, ndipo njinga zamoto za kabaza, zimene moto wake umachokera m'kabokosi komata ka CDI, zaphunzitsa anyamata ambiri kuyeza koyilo ndi waya asanadandaule. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira zoyesera ndi kupereka masatifiketi kwa anthu amene anaphunzira ntchito m'magalaja, ndipo maphunziro aafupi a kuwerenga chithunzi cha mawaya ndi kugwiritsa ntchito multimeter angathandize amisiri a m'derali koposa chida china chilichonse chimene angagule. Kufunika kwake kwakula chifukwa magalimoto ophatikiza petulo ndi magetsi, monga Toyota Aqua ndi Prius, ayamba kale kufika kuchokera ku Japan, ndipo mawaya awo a mtundu wa olenji amachokera ku batire la mavoliti 144 mu Aqua ndi oposa 200 mu Prius, mphamvu imene imatha kupha munthu woisenda ndi mpeni.